Sabata imodzi ku Maputo: tikaone chiyani, nanga nyanja yosambira ili kuti?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku Zomba. Ine ndi mayi a kunyumba takhala tikusunga kandalama kuti tikaone Maputo pamodzi ndi ana athu awiri, wa zaka 14 ndi wa zaka 9. Ku Mozambique tinangofika ku Tete basi. Anawa anazolowera kusambira ku Mangochi, ndiye akulakalaka kuona nyanja yamchere. Tili ndi sabata imodzi. Tikaone chiyani, tipite mwezi uti, nanga kutuluka kunja kwa mzinda n'kofunika kapena zonse zili mumzinda momwemo?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo polemba. Ndiyamba ndi chimene mwafunsa komalizira, chifukwa ndi pamene anzathu ambiri amakhumudwira akafika. Mzinda wa Maputo uli m'mbali mwa madzi ndithu, koma madzi ake si osambira. Unamangidwa pamalo pamene nyanja inalowa m'kati mwa mtunda ngati thumba, pamene amati Baía de Maputo, kale azungu ankati Delagoa Bay. M'thumbali mumathira mitsinje yambiri: Incomati kuchokera kumpoto, Maputo kuchokera kumwera, ndipo Umbeluzi, Tembe, Matola ndi Infulene imakumana padoko pomwepo. Mitsinjeyi imabwera ndi matope. Onjezerani sitima zapadoko ndi ngalande za mzinda wa anthu oposa 1 miliyoni, mupeza madzi ofiirira amene mwana wozolowera madzi oyera a ku Mangochi adzangowayang'ana n'kukufunsani kuti nyanja ija ndi imeneyi. Nyanja yobiriwira, ya mchenga woyera, ili kunja kwa mzinda, m'chigawo chozungulira. Choncho kutuluka n'kofunika, ndipo theka la ulendo wanu liyenera kukhala kumeneko.

Mudziwenso kuti dzina la Maputo limatchula zinthu ziwiri. Pali mzinda, umene ndi likulu la dziko ndipo umadzilamulira pawokha, ndiye pali chigawo cha Maputo, chimene likulu lake ndi Matola. Chigawochi chimachita malire ndi Gaza kumpoto, South Africa ndi Eswatini kumadzulo, n'kutsika mpaka ku KwaZulu-Natal kumwera. Mzinda ndi woonera mbiri, nyumba zakale ndi zakudya. Chigawo ndi chosambira ndi kuona nyama.

Tisanapite patali, tiwerengere masiku. Kuchoka ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, kudzera ku Chimoio, Inchope, mlatho wa Save, Maxixe ndi Xai-Xai, ndipo msewu wa N1 uli ndi zigawo zokumbika kwambiri, makamaka pakati pa Inchope ndi Save. Pa basi ndi ulendo wogonera m'njira. Mukawerengera kupita ndi kubwera kuchokera ku Zomba, masiku anayi athera pampando, ndiye sabata yanu yatsala masiku atatu. Ndi ana, sindingakulimbikitseni zimenezo. Mukhoza kuwoloka pa Mwanza ndi Zóbuè n'kukakwera ndege ku Tete, ulendo wa maola awiri chabe, kapena muwonjezere masiku akhale khumi kapena khumi ndi awiri. Zimene ndikulembazi ndikuwerengera kuti muli ndi masiku 6 kapena 7 enieni kumeneko. Mmalawi safuna viza pokacheza masiku osapitirira 30, koma aliyense, ngakhale wa zaka 9 uja, akhale ndi pasipoti yakeyake.

Mwezi wabwino kwa inu ndi Ogasiti, ndipo mwayi wake ndi woti umagwera pa tchuthi chachikulu cha sukulu. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala kumakhala kozizira bwino, mvula ndi yochepa, udzudzu nawo umachepa. Disembala ndi Januwale kumatentha monyowa, kutentha komata m'thupi ngati kwa ku Nsanje, ndipo ndi nthawi imene anthu a ku South Africa amadzaza magombe onse a kumwera, malo ogona n'kukwera mtengo. Pasaka nayenso ndi chimodzimodzi. Ogasiti ali ndi vuto limodzi, mphepo, koma ali ndi mphatso imene ndifotokoza kutsogoloku.

Tsiku loyamba liyendeni pansi, m'dera lakale la mzinda limene amati Baixa. Zoona zambiri zili moyandikana, simufuna galimoto. Yambirani pa siteshoni ya sitima ya CFM, pa Praça dos Trabalhadores. Ndi nyumba yoyera ndi yobiriwira, ya denga lozungulira, imene inatsegulidwa mu 1910 n'kumalizidwa mu 1916. Mudzamva otsogolera alendo ena akunena kuti anaijambula Gustave Eiffel wa nsanja ya ku Paris. Zimenezo si zoona, anaijambula ndi akatswiri achipwitikizi. M'kati muli mitu ya sitima zakale zamalasha ndi nyumba yosungiramo mbiri ya njanji. Chimene ndikufuna anawo amve ataima pamenepo ndi chakuti mzinda wonsewu unakula chifukwa cha njanjiyi. Golide atapezeka ku Witwatersrand, dera la ku Joni, mu 1886, doko lapafupi ndi migodi linali lino, ndipo njanji yopita ku Pretoria inatsegulidwa mu 1895. Patangotha zaka zitatu, mu 1898, Apwitikizi anasamutsa likulu lawo kuchoka ku Ilha de Moçambique, kutali kumpoto, kubwera kuno ku Lourenço Marques, dzina limene mzindawu unali nalo mpaka 1976. N'chifukwa chake likulu la dziko lalitali chonchi lili kumapeto kwenikweni kwa kumwera. Njanji yomweyi inkanyamula amuna opita kumigodi kudzera ku Ressano Garcia, olembedwa ndi bungwe lomwe lija linasiya dzina la Wenela ku Blantyre. Ngati m'banja mwanu munali agogo amene anapita ku Joni, nkhani yawo ndi ya anthu a kunowa ndi imodzi.

Mukachoka pa siteshoni, yendani pang'ono kupita ku linga lofiira lotchedwa Fortaleza de Maputo. Apa ndi pamene ndimapempha Amalawi kuti asathamange. Makoma amene mukuonawo anamangidwanso m'zaka za m'ma 1940 pamalo a linga lakale, ndipo m'bwalo lake muli mizinga ndi chiboliboli cha msilikali wachipwitikizi atakwera hatchi, Mouzinho de Albuquerque. M'chipinda china chapambali muli bokosi lamaliro losemedwa mwaluso la Ngungunhane, mfumu yomaliza ya ufumu wa Gaza. Mouzinho ndi amene anagwira Ngungunhane ku Chaimite mu Disembala 1895. Anamutengera ku Lisbon, kenako ku zilumba za Azores, kumene anamwalira mu 1906, ndipo dziko la Mozambique linamulandiranso mwamwambo mu 1985. Wogwira ndi wogwidwa lero ali m'mpanda umodzi.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo. Agogo ake a Ngungunhane anali Soshangane, mmodzi mwa atsogoleri amene anathawa nkhondo za m'nthawi ya Shaka cha m'ma 1820. Mnzake wina pa kuthawako anali Zwangendaba. Magulu onsewa anadutsa ndi kukhalako m'dera lozungulira Delagoa Bay lomweli asanapatukane. Soshangane anatsala kumwera n'kukhazikitsa ufumu wa Gaza, ndipo dzina la Achangana, amene mudzamva chinenero chawo m'minibasi iliyonse, linachokera kwa iye. Zwangendaba anapitirira kumpoto, n'kuwoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo ana ake ndi Angoni a ku Mzimba ndi a Mpezeni. Inu monga mphunzitsi mwina mwalembapo mayinawa pa bolodi kangapo. Kuima pamene ulendo umenewo unadutsa, mwana wanu ali pambali, ndi phunziro limene buku silingapereke.

Kuchoka pa linga, kwerani Avenida Samora Machel. Kumanja kuli munda wa Tunduru, umene unayalidwa mu 1885. Dzina lake la tsopano ndi la kampu ya ku Tanzania ya FRELIMO, gulu limene linkamenyera ufulu wa Mozambique. Muli mithunzi yabwino yopumirapo, ndipo ana akayang'ana m'mwamba adzaona mileme ikuluikulu italendewera m'nthambi. Pafupi pake pali Casa de Ferro, nyumba ya zitsulo zokhazokha kuyambira khoma mpaka denga, imene inabwera m'zidutswa kuchokera ku Ulaya mu 1892 kuti mukhale bwanamkubwa. Kutentha kwa m'katimo kunachititsa kuti asakhalemo. Pamwamba pa msewu pali Praça da Independência, pamene paima chiboliboli cha Samora Machel cha mamita 9, chimene chinaikidwa mu 2011 pamalo pomwe kale panali Mouzinho ndi hatchi yake uja. Kumbuyo kwake kuli nyumba ya khonsolo ya mzinda, ndipo pambali pali tchalitchi chachikulu choyera cha Katolika, cha mu 1944.

Musanatope, tsikiraninso ku Mercado Central, msika wa mu 1901. Mayi a kunyumba adzapezamo mtedza wa mbibu umene kumeneko amati castanha, tsabola wa piripiri, kokonati ndi madengu. M'masitolo oyang'anizana ndi msikawu amagulitsa zitenje, zimene iwo amati capulana, za mitundu yosawerengeka. Komano zitenje ndi ziboliboli musagule tsiku loyamba. Onani mitengo kaye.

Tsiku lachiwiri m'mawa pitani ku Mafalala, ndipo pitani ndi wotsogolera wa konko. Alendo ambiri amadumpha malowa chifukwa alibe nyumba zokongola, koma popanda Mafalala mwaona theka la Maputo. M'nthawi ya atsamunda mzindawu unali pawiri: mzinda wa simenti wa azungu, ndi mzinda wa bango wa anthu akuda, amene sankaloledwa kumanga nyumba zokhalitsa, ankayenda ndi chiphaso, ndipo ankatha kugwidwa kukagwira ntchito yokakamiza imene ankaitcha chibalo, mawu amene ifenso timawadziwa. Mafalala ili pamalire a mizinda iwiriyi, ndipo nyumba zake zambiri ndi za matabwa ndi malata mpaka lero. M'timisewu timeneti munabadwira Eusébio mu 1942, amene anadzasewera Benfica n'kugoletsa zigoli 9 pa World Cup ya 1966. Mudzaona bwalo lafumbi pamene ankamenyera mpira wa nsanza ali mwana. Samora Machel ndi Joaquim Chissano anakhalapo m'dera lomweli, chimodzimodzinso alakatuli José Craveirinha ndi Noémia de Sousa. Bungwe la achinyamata a konko lotchedwa IVERCA ndi limene limayendetsa alendo, ndipo mu 2019 anatsegula kanyumba kosungiramo mbiri ya deralo. Mukachita mwayi mudzaona amayi akuvina tufo, gule wa anthu ochokera kumpoto, atadzola nkhope zoyera.

Masana mungasankhe malinga ndi mphamvu za ana. Ku Museu Nacional de Arte kuli zojambula za Malangatana, amene anabadwira ku Matalana m'boma la Marracuene mu 1936 n'kumwalira mu 2011. Zithunzi zake zimakhala zothithikana nkhope ndi maso, ndipo munthu suziiwala msanga. Ku Núcleo de Arte mudzapeza amisiri akugwira ntchito, ena akuwotcherera zidutswa za mfuti kukhala mipando ndi mbalame. Luso limeneli linayamba nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, pamene mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane inkalandira mfuti n'kupereka makasu, njinga ndi makina osokera. Ife amene tinasunga abale athu othawa nkhondo imeneyo ku Nsanje, Mwanza ndi Dedza timaziona zinthuzi ndi mtima wina. Kwa wa zaka 9 uja, Museu de História Natural ndi imene ingamusangalatse, chifukwa cha nyama zoumikidwa ndi ana a njovu osabadwa amene anawasunga motsatana miyezi. Funsani kaye kumene mukugona ngati ili yotsegula tsikulo. Hotelo ya Polana ya mu 1922 ndi tchalitchi cha Santo António da Polana, chooneka ngati chofinyira ndimu, mungoziona podutsa. Poyenda m'dera limenelo mudzawerenga mayina a misewu ngati Julius Nyerere, Kenneth Kaunda, Mao Tse Tung ndi Kim Il Sung, amene amakuuzani anzake a FRELIMO anali ndani pa nthawi ya ufulu mu 1975.

Madzulo a tsikulo idyani ku Mercado do Peixe, msika wa nsomba umene uli pa Avenida Marginal. Kachitidwe kake n'kosavuta: mumagula nsomba, nkhanu kapena camarão, tinyama ta m'nyanja tokhala ndi zigoba ndi ndevu timene Maputo amatchuka nato, ndiye mumapereka ku malo odyera apambali kuti akuphikireni. Mumalipira kawiri, kugula ndi kuphikitsa. Yang'anani sikelo ndi maso anu, ndipo mtengo wophikira, wa mpunga ndi wa tchipisi mugwirizane musanakhale pansi. Safunsa anadya phula. Ngati mayi sakonda za m'nyanja yamchere, asadandaule. Nsima ilipo, amalemba xima koma amatchula "shima". Ndipo alawe matapa, amene ndi chigwada chathu chomwechi chosinjidwa, chotendera ndi nsinjiro koma chothiranso mkaka wa kokonati. Nkhuku yootcha ya piripiri imapezeka paliponse.

Tsopano za nyanja, ndipo apa ndikupemphani kuti muwerengere ana mokweza. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika pa chaka, malinga ndi mvula. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku lililonse, chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku ndi tsiku. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa ku Maputo kumafika mamita atatu. Pamalo athyathyathya ngati Costa do Sol, gombe la kumpoto kwa mzinda, madzi akaphwa amathawira kutali moti mumayenda pamchenga wonyowa mpaka kutopa, ndiye akamabwerera amathamanga, kudzaza makwawa a kumbuyo kwanu inu musanazindikire kuti mwatsala pakachilumba. Mwana wodziwa kusambira ku Mangochi amadzidalira, ndipo kudzidalirako ndi kumene ndimakuopa. Pa magombe oyang'ana nyanja yaikulu pali vuto lina: madzi amene mafunde aponya kumtunda amabwerera m'kanjira kopapatiza, kothamanga ngati mtsinje. Pamwamba kanjirako kamaoneka kabata, kopanda thovu, ndiye kamakopa munthu kuti alowere pomwepo. Akakokedwa asalimbane nako kubwerera kumtunda. Asambire chopingasa, motsata gombe, mpaka atatulukamo, kenako abwerere ndi mafunde. Sambirani pamene pali anthu ena, funsani asodzi kapena eni malo ogona, ndipo m'mawa uliwonse onani pa foni nthawi ya kudzaza ndi kuphwa. Madzi amchere amawawa m'maso, ndipo samwedwa. Tengani botolo la madzi akumwa.

Costa do Sol pitaniko Lamlungu masana kukaona mmene eni mzinda amapumira, mpira pamchenga, nkhuku pamakala, nyimbo za marrabenta m'magalimoto. Koma kusamba kwenikweni kusungireni Ponta do Ouro.

Ponta do Ouro ili kumapeto kwa dziko, pamalire ndi South Africa, makilomita pafupifupi 120 kuchoka mumzinda. Kale ulendowu unkafuna kuwoloka pa pantoni kenako kulimbana ndi mchenga kwa maola ambiri. Zinasintha mu Novembala 2018 pamene anatsegula mlatho wa Maputo–Katembe ndi msewu wa tara wofika kumalire. Mlathowu pawokha ndi chinthu choona: ndi wolendewera pa zingwe, wautali makilomita atatu, ndipo pakati pa nsanja zake ziwiri pali mamita 680 popanda mzati, kuti sitima zikuluzikulu zizidutsa pansi. Mu Africa muno palibe mlatho wolendewera wouposa. Amalipiritsa podutsa. Lero ulendo wonse ndi wa maola awiri, ndipo minibasi, zimene kumeneko amati chapa, zimafikako. Chigawo china cha msewuwu chimadutsa m'malo osungira nyama, ndiye dalaivala akachepetsa liwiro ana ayang'ane kunja, akhoza kuona akadyansonga, mbidzi, mwinanso njovu.

Gonani kumeneko masiku atatu ngati thumba lilola. Tauniyo ndi yaing'ono, misewu yake ya m'kati ndi mchenga, ndipo pafupifupi chilichonse chimafikika pansi. Pangodya ya kumwera kwa gombe, pamene phiri lamchenga limatchinga mafunde, ndi pamene ana angasambe bwino. M'mawa kwambiri maboti amatenga anthu kukaona ma dolphin, amene amakhala m'madzi amenewa chaka chonse, ndipo oyendetsa abwino amakuuzani kuti musawakhudze kapena kuwathamangitsa. Mphatso ya Ogasiti ndinanena ija ndi anamgumi. Kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala amadutsa m'mphepete muno kuchokera ku madzi ozizira a kumwera kudzaswana m'madzi ofunda, ndipo nthawi zina mumawaona muli kumtunda, akupemerera madzi m'mwamba kapena kudumpha thupi lonse. Mwana amene nsomba yaikulu imene anaionapo ndi kampango sadzaiwala tsiku limenelo. Akamba am'nyanja amene amakwera kumtunda usiku kudzaikira mazira, iwo nthawi yawo ndi ya dzinja, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndiye pa ulendo uno simudzawaona. Boti limadumpha kwambiri potuluka m'mafunde. Amene amachita nseru adye zopepuka, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa.

Malo osungira nyama aja amatchedwa Parque Nacional de Maputo. Anayamba mu 1932, ndipo mu 2021 anawaphatikiza ndi madzi otetezedwa a m'mphepete mwa Ponta do Ouro kukhala paki imodzi ya masikweya kilomita oposa 1,700. Mu 2025 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, molumikizana ndi paki ya iSimangaliso ya ku South Africa. Nkhondo inatha nyama zambiri, ndipo kuyambira 2010 akhala akubweretsamo zina mothandizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation. Ndinene zoona, inu a ku Zomba muli ndi Liwonde pakhomo, ndipo njovu, mvuu ndi ng'ona mumaziona mosavuta pa Shire kuposa kuno. Chimene Liwonde alibe ndi kaonekedwe ka malo: dambo lalikulu, nyanja zing'onozing'ono za madzi abwino zodzaza mvuu ngati Piti ndi Xinguti, nkhalango yomera pamapiri amchenga, ndiye mukangotsika phiri lomaliza, nyanja yamchere ili pamaso panu popanda nyumba ngakhale imodzi. M'kati mwa pakiyi ndi mchenga wokhawokha, mumafunika galimoto yokoka mawilo onse anayi ndi dalaivala wodziwa njira, ndipo zimenezo ndi ndalama. Ngati thumba lafupika, siyani pakiyi, ndalamazo zipite ku boti la ma dolphin.

Chilumba cha Inhaca ndimachikonda, koma sindingachiphatikize ndi Ponta do Ouro pa sabata imodzi pokhapokha mutapita m'mawa n'kubwera madzulo. Chili pakhomo pa thumba lija, makilomita oposa 30 kuchoka mumzinda, ola limodzi pa boti lothamanga, maola awiri kapena atatu pa lalikulu. Kuli malo ofufuzira za m'nyanja a yunivesite ya Eduardo Mondlane amene anayamba mu 1951, nsanja yakale younikira sitima, mitengo yomera m'madzi amchere, ndi matanthwe amoyo pamene munthu wovala galasi losambirira amaona nsomba zamawangamawanga, zomukumbutsa mbuna za ku Cape Maclear. Pafupi pake pali Ilha dos Portugueses, kachilumba ka mchenga wokhawokha, kopanda mthunzi wokwanira, ndiye zipewa musaiwale. Madzi akaphwa boti silifika kumtunda, mumatsika n'kuyenda m'madzi ofika m'mawondo. Tsiku la mphepo ulendowu usiyeni, chifukwa thumbalo limawinduka moopsa kuposa mwera wa kwathu.

Ngati ndalama za Ponta do Ouro sizikwana n'komwe, pali Macaneta, makilomita oposa 30 kumpoto kwa mzinda. Mumadzera ku Marracuene n'kuwoloka Incomati pa mlatho wa mu 2016. Gombe lake ndi lalitali, loyera, la anthu ochepa m'kati mwa sabata, koma mafunde ake ndi amphamvu ndipo pansi pamatsetsereka msanga. Ana asewere m'mphepete inu muli pomwepo. Ku Marracuene komweko ndi kumene ankhondo a m'derali anamenyana ndi Apwitikizi pa 2 Febuluwale 1895, ndipo chaka chilichonse amakumbukira tsikulo pa mwambo wa Gwaza Muthini. Chionetsero cha zamalonda cha FACIM chimachitikiranso m'boma lomweli kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala.

Kumtunda kuli Namaacha, pamalire ndi Eswatini, m'mapiri a Libombos. Kuli kozizira, kuli mathithi, ndi tchalitchi cha Nossa Senhora de Fátima kumene Akatolika amapita pa ulendo wa mapemphero mu Meyi. Munthu wochokera m'tsinde mwa phiri la Zomba sangadabwe nako, ndipo mu Ogasiti mathithiwo amakhala ndi madzi ochepa. Ku Matola kuli chipilala chokumbukira anthu a ANC amene asilikali a boma la tsankho anawaphera m'nyumba zawo mu Januwale 1981. Ngati wa zaka 14 uja amakonda mbiri, ola limodzi likwana.

Zotsalazi ndi zazing'ono koma zimasunga ulendo. Pasipoti muziyenda nayo nthawi zonse, chifukwa apolisi ali ndi mphamvu yofunsa ziphaso mumsewu. Muikenso zithunzi zake pa foni ndi pa pepala losiya kumene mukugona. Musajambule asilikali, apolisi kapena nyumba za boma, ndipo pafupi ndi ofesi ya pulezidenti pa Avenida Julius Nyerere, alonda akakuuzani kuti muwoloke msewu, wolokani. M'malo otsetsereka a thengo pakati pa Polana ndi Marginal musayende pansi, ngakhale masana, ndipo usiku kwerani takisi kapena txopela, njinga yamoto ya mawilo atatu, mutagwirizana mtengo. Ndalama yawo ndi metical. Kwacha simudzaisintha ku Maputo, ndiye sinthiranitu kumalire kapena ku Tete, kapena tengani madola, marandi kapena khadi la ku banki. Malungo aliko ngati kwathu, neti ndi yofunika. Kumapeto kwa 2024 zionetsero za pambuyo pa chisankho zinatseka misewu ndi chipata cha Ressano Garcia kwa masiku, choncho mverani nkhani sabata yonyamukira, ndipo sungani nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Maputo.

Chichewa chimene chinakuthandizani ku Tete kuno sichigwira ntchito. Anthu amalankhula Chipwitikizi, Chichangana ndi Chironga, ndipo Chingerezi chimamveka m'mahotela ndi ku Ponta do Ouro. Ana aloweze mawu ochepa asananyamuke: bom dia polonjera m'mawa, quanto custa pofunsa mtengo, ndipo pothokoza bambo kapena mnyamata amanena obrigado, mayi kapena mtsikana amanena obrigada. Koma mukafuna kuti mayi wogulitsa pamsika amwetulire, nenani kanimambo, kutanthauza zikomo m'Chichangana.

Ndikanakhala inu, masiku awiri oyamba ndikanakhala mumzinda, atatu otsatira ku Ponta do Ouro, lachisanu ndi chimodzi ndikanabwerera n'kuima ku Katembe dzuwa likamalowa, chifukwa ndi kutsidyako kumene mzinda wonse umaonekera bwino pamodzi ndi mlatho wake. Tsiku lomaliza m'mawa, Inhaca ngati nyanja ili bata, apo ayi msika wa zaluso wa FEIMA ku Parque dos Continuadores, kumene mayi angagule zitenje ndi madengu aja atadziwa kale mitengo. Malo ogona a ku Ponta do Ouro lipiriranitu musanachoke ku Zomba, ndipo sankhani okhala ndi khitchini, chifukwa buledi wotentha ndi nsomba zimagulitsidwa pamsika wa pomwepo, ndipo banja la anthu anayi likamadziphikira kawiri pa tsiku ndalama ya boti imapezeka.